Mpweya wa Anthu Awiri

Tsiku limene anakumana, Kapampu anali atagwada m'shedi ya malata, manja ali bii ndi girisi, akumata chubu cha wilibala. Dzina limeneli anamupatsa ndi anyamata a njinga zonyamula anthu, chifukwa pagalaja ya achimwene ake, ntchito yonse ya matayala inali m'manja mwake.

Kenako panalowa njinga yamoto yaikulu, yakuda, ya mabokosi awiri kumbuyo. Mwini wake atavula chisoti, Kapampu anaiwala kuti guluu akuuma.

"Amakaniko alipo?" anafunsa mnyamatayo.

"Achimwene achokapo. Vuto n'chiyani?"

"Njingayi ikumavina ndikafika pokhota."

Kapampu anatenga geji, kachipangizo koyezera mpweya, n'kuidinikiza pavalavu ya tayala lakumbuyo.

"Si njinga ikuvina, ndi tayalali lili ndi njala. M'mabokosimu mumanyamula chiyani?"

"Makamera ndi magetsi ake. Ndine wojambula zithunzi za maukwati."

"Ndiye mwaisenzetsa katundu koma mpweya wake ndi wa munthu mmodzi. Mwaona kapepala anamata pafupi ndi tchenika? Nambala yoyambayo ndi ya mukakhala nokha. Yachiwiriyo ndi ya mukakweza munthu ndi katundu. Tayala lofewa limatentha, likatentha limatha kuphulika. Koma khalani kaye pabenchipo, mpweya timayeza bwino tayala likazizira."

"Lizizira nthawi yaitali?"

"Pang'ono chabe."

"Bwenzi litatenga tsiku lonse," anatero Wojambula, akumuyang'ana m'maso osaphethira.

Kapampu anaweramitsa mutu. Ndi mnyamata uti anayamba wamuyang'anapo choncho, iye ali m'ovolosi yothimbirira? Onse obwera pagalajapo ankangoona pampu, osati woigwira.

Kuyambira tsiku limenelo, matayala a Wojambula anayamba kudwaladwala. Lero lakutsogolo, mawa lakumbuyo, mkuja akuti akumva kaphokoso. Kapampu akayeza, geji inkanena kuti zonse zili bwino.

"Akulu, matayala anu ali bwinobwino!"

"Chaphwa si tayala," anayankha Wojambula chapansipansi. "Ndipatse nambala yako, ndikuuza chimene chaphwa."

Mauthenga anayamba kugwa ngati mvula.

"Kauchi kanga, wadzuka bwanji? Mtima wanga waphwanso, bwera ndi pampu."

"Lero ndajambula mkwatibwi wokongola, koma kwa iwe sakufika ndi pachidendene pomwe."

"Ine ndi iwe adzatilekanitsa ndi manda okha."

Kapampu ankawerenga mauthengawa atabisala kuseri kwa mulu wa matayala akale, akumwetulira yekha ngati wopenga. Anayamba kutsuka zikhadabo ndi bulashi, kudzola mafuta onunkhira, ngakhale kupesa tsitsi loti likabisika m'chipewa.

Chinthu chimodzi chokha Wojambula anapempha.

"Achimwene ako asadziwe kaye. Ndikufuna ndidzafike kwanu ngati mwamuna weniweni, nditavala suti, osati ngati kasitomala wa mpweya."

Kodi mawu ngati amenewo ukanawakana iwe? Kapampu anatseka pakamwa.

Ankakumana kutali ndi galaja, kuseri kwa laibulale. Tsiku lina atakhala pakhoma lalifupi la pamenepo, Wojambula anamugwira dzanja.

"Tchuthi chikubwerachi ndikutenga. Tidzakwera mapiri, iwe uli kumbuyo kwanga, wandigwira m'chiuno. Ndidzakujambula mpaka kamera idzapemphe chikhululukiro."

"Ukunena zoona?"

"Ndikanama, njingayi ipse!"

Kapampu sanayendepo ulendo wautali chibadwire. Mawa lake anakagula chisoti chofiira, chonyezimira, n'kumupatsa Wojambula kuti amusungire, kuopa mafunso a achimwene. Chikwama analongedza sabata isanakwane, n'kuchikankhira pansi pa bedi.

Lachinayi, kutatsala pang'ono kuti anyamuke, foni inalira.

"Kauchi kanga, usakwiye. Ndapeza ntchito ya ukwati kutali kwambiri, ndinyamuka Loweruka, ndekhandekha. Ulendo wathu tiusunthe. Ndikakusowa koopsa."

Kapampu analira pang'ono, kenako anadzidzudzula. Si ntchito imeneyi idzawadyetse onse awiri? Anayankha kuti, "Uyende bwino wanga, usathamange."

Lachisanu ndi Loweruka, Kapampu sankapezeka pagalaja. Ankapita kukaphunzira za magetsi a njinga, ndipo Wojambula ankadziwa zimenezi. Koma Lachisanu limenelo mphunzitsi wawo anadwala, ophunzira onse n'kubwezedwa.

Kapampu atalowa m'shedi, anaima chilili. Njinga yakuda ija inali pomwepo, gudumu lakumbuyo atalichotsa. Achimwene ake anatulukira akupukuta manja, akumwetulira mochenjera.

"Eee, mlongo wanga! Ndiye umafuna unyamuke osanditsanzika?"

"Kunyamuka kupita kuti, achimwene?"

"Usandiphimbe m'maso iwe. Ukuyesa sindiona? Munthu amene amabwera kudzapopetsa matayala odzaza kale! Ndangokhala chete kudikira kuti undiuze wekha."

Kapampu anamva nkhope ikutentha.

"Wabwera mmawa, tayala lalasidwa ndi msomali," anapitiriza achimwene. "Ndalimata, adzaitenga mawa. Wandiuza kuti, 'Amakaniko, kumbuyoko muike mpweya wa anthu awiri ndi katundu, ndili ndi ulendo wautali ndi wapamtima wanga.' Ine n'kuti, ohoo, mlongo wanga uja wakula!"

Kapampu anatembenukira kwa achimwene ake.

"Wati anthu angati?"

"Awiri. Bwanji kodi?"

"Ine wandiuza kuti akupita yekha."

Kumwetulira kwa achimwene kunazima. Anayang'ana njingayo, anayang'ana mlongo wawo, kenako anatola sipanala yaikulu patebulo.

"Galu ameneyu! Mawa alowa muno ndi mano, atuluka ndi nkhama!"

"Ayi, achimwene. Musamukhudze."

"Ukumuikira kumbuyo?"

"Sindikumuikira kumbuyo. Ameneyu ndi wanga. Mundisiyire ine."

Mawu ake anali ozizira moti achimwene anabweza sipanala ija mwakachetechete.

Madzulo ake foni inaliranso. "Ndikulongedza makamera, koma maganizo onse ali pa iwe. Lota za ine, kauchi kanga."

Kapampu anakukuta mano. Anakoka chikwama chija pansi pa bedi n'kukhuthula zovala zonse pansi. Misozi sinatuluke. Chimene chinkatuluka ndi moto wokhawokha. Ndiye kuti nthawi yonseyi ankamuseka? Pomupsompsona pachipumi paja, m'mutu mwake munali wina? Ndipo analimba mtima bwanji kubweretsa njinga ya ulendo wa mkazi wina pagalaja ya kwawo!

Kutacha, anafika pagalaja achimwene asanafike. Anabwezeretsa gudumu, anamanga manati, anakoka tcheni. Anayatsa kompuresa n'kupopa tayala lakumbuyo mpaka geji inafika pa nambala yachiwiri ija.

Kenako anakhala pansi n'kuliyang'ana.

Chala chake chinapita chokha pavalavu. Psiii! Mpweya unayamba kuthawa. Anausiya uthawe, akuyang'ana singano ya geji ikutsika, kudutsa nambala ya munthu mmodzi, n'kutsikabe. Analekera pamene diso silingaone kanthu. Tayala linkaonekabe lozungulira bwino, koma iye ankadziwa chimene chidzachitike dzuwa likakwera, phula likatentha, katundu ali mbwee, njinga ili pokhota m'mapiri.

"Ukaone kuvina kwenikweni," ananong'ona.

Achimwene atafika anangomuyang'ana, n'kupita kuseri kukamasula injini ya munthu wina.

Wojambula analowa akuimba mluzu, chikwama chachikulu chili paphewa. Atamuona Kapampu, mluzu unathera m'kamwa.

"Iwe? Si lero umapita kusukulu?"

"Aphunzitsi adwala. Sunakondwe kundiona?"

"Ndakondwa, ndakondwa kwambiri!" Anayang'ana kumsewu mofulumira. "Koma ndachedwa. Makiyi ali kuti?"

"Achimwene akuti wapempha mpweya wa anthu awiri."

"Aaa, zimenezo? Ndi kamnyamata kondithandiza kunyamula magetsi. Ndikatengera kutsogoloku."

Sanamalize n'komwe. Pakhomo panatulukira mtsikana wamfupi, wa nkhope yofatsa, atavala jekete yomukulira. Dzanja limodzi ankakoka sutikesi. Dzanja linalo ananyamula chisoti chofiira, chonyezimira.

Kapampu anamva ngati wina wamuthira madzi otentha pamsana. Chisoti chake! Chimene anachisankha yekha, n'kuchiyesa pagalasi akuseka!

"Pepa wanga, pasiteji paja dzuwa lanyanya," anatero mtsikanayo kwa Wojambula. Kenako anatembenukira kwa Kapampu n'kumwetulira. "Mwadzuka bwanji, achemwali? Ndinu mukukonza njingayi? Koma ndiye ndakunyadirani! Ine ndimaphunzitsa ana a mkaka, ndikawauza kuti ndaona mkazi makaniko ndi maso angawa."

"Ndadzuka," anayankha Kapampu mouma.

"Tiye tizipita," anatero Wojambula, thukuta lili kamukamu.

"Dikira kaye, ndifunse." Mphunzitsiyo anasendera pafupi ndi Kapampu n'kutsitsa mawu. "Achemwali, musandiseke. Ine sindinakwerepo njinga yamoto ulendo wautali. Mtima ukungogunda. Amayi andiimbira kambirimbiri, akuti bwanji osakwera basi. Ndiuzeni inu, mkazi mnzanga, mwaiona bwinobwino? Tikafika?"

Kapampu anayang'ana tayala lija. Anayang'ana manja a mtsikanayo, atagwira chisoti. Pachala panali mphete yatsopano.

"Mukupita kuti?"

"Kwathu. Ndikukamuonetsa kwa makolo anga. Bambo anga sayenda, akudwala miyendo, ndiye akuti akufuna amuone mkamwini wawo maso akadali openya."

Kapampu anaganizira makolowo. Mayi amene akudikira pafoni. Bambo amene akudikira pampando. Kodi anthu amenewa anamulakwira chiyani? Mtsikanayu si wakuba. Nayenso wadyetsedwa uchi womwewo, ndi supuni yomweyo.

Mkwiyo sunathe. Unangosintha njira, wonse n'kulunjika pa munthu mmodzi.

"Sindinamalize," anatero. "Tayala lakumbuyo likufunika mpweya."

Anayatsa kompuresa. Anapopa, anayeza, anapopanso, mpaka singano inaima pamalo pake. Anayeza lakutsogolo. Anamanga sutikesi ndi zingwe, zolemera pansi, zopepuka pamwamba.

"Tsopano kwerani nonse awiri, ndione ngati sipuling'i yakumbuyo ikufunika kukhwimitsa."

Wojambula anapumira m'mwamba. Ankaganiza kuti wapulumuka. Mwinanso ankaganiza kuti Kapampu ndi chitsiru chimene chidzalira pachokha, mawa n'kukhululuka. Anakwera, mphunzitsi n'kukwera kumbuyo kwake.

"Mugwireni m'chiuno," anatero Kapampu. "Amakonda choncho."

Mphunzitsi anaseka. "Mwadziwa bwanji?"

"Anandiuza yekha. Mpando mwakhalapowo anati ndi wanga. Chisoti chili m'manja mwanucho ndinagula ndine."

Kuseka kunaduka.

"Mukuti chiyani, achemwali?"

"Usamumvere!" anakuwa Wojambula. "Mtsikana ameneyu mutu wake suyenda bwino. Amandifuna, ine ndinamukana!"

"Unandikana?" Kapampu anaseka kuseka kowawa. "Tanena pamaso pa tonse awiri. Kauchi kako ndi ndani? Ndi awa kapena ndine?"

Manja a mphunzitsi anamasuka m'chiuno muja pang'onopang'ono.

"Dzina limenelo mwalimva kuti?" anafunsa. "Anati sanaitanepo munthu wina choncho."

Kapampu anatulutsa foni m'thumba la ovolosi n'kumupatsa. Mphunzitsi anawerenga uthenga wa dzulo madzulo. Anakweza chala, anawerenga wina, ndi wina. Misozi inayamba kudontha pagalasi la foniyo.

"Dzulo madzulo unali kunyumba kwanga," anatero kwa Wojambula. "Unkandithandiza kutseka sutikesi. Unati ukulembera kasitomala."

"Wanga, ndimvere, ndikufotokozera..."

"Ndimati ndikakuimike pamaso pa bambo anga odwala! Iwe!"

Anatsika panjinga, anavula mphete n'kuiika pampando mwaulemu ngati akubweza chinthu chobwereka. Kapampu anamasula zingwe n'kumutsitsira sutikesi.

Phokosolo linali litaitana anthu. Anyamata a njinga zonyamula anthu anadzaza pakhomo, mayi wogulitsa zakumwa kutsidya kwa msewu anasiya botolo lili pakamwa pa kasitomala, ndipo achimwene anaima pakhomo la kuseri, manja atapinda pachifuwa.

"Mapanga awiri avumbwitsa, bwana!" anakuwa mmodzi mwa anyamatawo. Onse anafa nacho chiseko.

Wojambula anatembenukira kwa Kapampu, maso ali psuu.

"Wasangalala? Wandiwonongera moyo! Unkaganiza kuti ndingakwatire iwe? Mkazi wonunkha girisi? Iwe unali wongotayira nthawi!"

Achimwene anasuntha phazi, koma Kapampu anakweza dzanja. Mawuwo anamulasa mpaka m'mafupa, koma sanalole kuti nkhope yake ionetse.

"Patse makiyi anga ndizipita!"

"Makiyi ndi ako, tenga," anatero Kapampu, n'kumuponyera. "Njinga ndi yako. Matayala ndi ako. Koma mpweya uli m'menemo ndi wa pagalaja pano, ndipo ndauika ndi manja onunkha girisi. Sungayende nawo."

Anagwada, n'kupotokola kachitsulo kakang'ono ka m'kati mwa valavu, kamene kamatsekera mpweya. Phwiii! Tayala lakumbuyo linakhala pansi. Wojambula asanatseke pakamwa, Kapampu anali atafika kale kutsogolo. Phwiii! Njinga yonse inagwada ngati ng'ombe yotopa.

Tizitsulo tiwirito anatiponya m'ngalande ya madzi akuda.

"Amakaniko, mukuona zimene akuchita mlongo wanuyu?" anadandaula Wojambula.

"Ine ndikuona njinga imene yatsekereza khomo langa," anayankha achimwene. "Ichotseni msanga, akulu, dzanja langali likuyabwa."

"Anyamata, ndani ali ndi pampu? Ndithandizeni!"

"Zathu zonse zinatha dzulo, bwana!"

"Yanga inapita kuukwati!" anawonjezera wina.

Panalibe kuchitira mwina. Wojambula anakoleka chikwama chake, anagwira zigwiriro, n'kuyamba kukankha. Njinga yaikulu ya matayala akuphwa, mabokosi odzaza makamera, dzuwa lili pamutu, ndipo galaja ina inali kuseri kwa chitunda! Anyamata aja anayatsa njinga zawo n'kumuperekeza pang'onopang'ono, akuliza mahutala ngati akuperekeza mkwati.

Kapampu ananyamula sutikesi ya mphunzitsi mpaka pasiteji. Basi itaima, mphunzitsi anamupatsa chisoti chija.

"Ndi chanu ichi."

"Sindichifunanso."

"Ngakhale ine." Anachisiya pabenchi ya pasiteji. Anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete. "Ndikawauza chiyani bambo anga?"

"Mukawauze kuti mwafika wamoyo," anatero Kapampu.

Mphunzitsi anamufinya dzanja n'kukwera.

Atabwerera pagalaja, Kapampu anadutsa achimwene ake osawayang'ana, n'kukalowa m'kachipinda kosungiramo zipangizo. M'menemo ndi mmene misozi inamupeza. Analira mpaka chifuwa kuwawa. Analirira mapiri amene sanawaone, suti imene sidzabwera, ndi chala chake chimene chinatsala pang'ono kupha munthu wosalakwa chifukwa cha galu.

Achimwene anagogoda pang'ono, anakankhira botolo la madzi m'kati, n'kukhala pansi kunja kwa chitseko.

"Lira, mlongo wanga. Makasitomala adikira."

Dzuwa litapendeka, foni inalira. Kapampu anaitsegula ndi maso otupa.

"Wokondedwa, zija ndinalankhula chifukwa cha mkwiyo. Uja sindinkamukonda, anachita kundikakamira. Tsopano ndatsala ndi iwe wekha. Ndili pachitunda, miyendo yatha, galaja ya kuno ndi yotseka. Chonde bwera undithandize, tiyambirenso."

Kapampu anawerenga mpaka kumapeto. Anamina, anapukuta nkhope ndi kansalu ka girisi, n'kulemba mawu awiri okha.

"Pitiriza kukankha."

Anatseka nambalayo, anatsegula chitseko, n'kufunsa achimwene ake kuti wotsatira pamzere ndi ndani.